Rayu wa m'buku ndi rayu wa pamsika

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi amalume. Ku Cuamba kunali mayi wina, Dona Amelia, amene masana ankasonkhanitsa kuseri kwa nyumba yake akuluakulu obwereza mayeso a kalasi 12. Ankafuna wophunzitsa Fizika. Ine ndinali nditangochoka ku Massangulo. Dona anandipatsa choko, kansanza kofufutira ndi buku lopanda chikuto. "Wophunzira asakuone ukukayika," anatero. M'mawa ndinkaloweza phunziro, masana n'kukalitula.

Tsiku lina Dona anakhala kumbuyo kudzandionerera. Ndinkaphunzitsa kuti chinthu chothamanga pafupi ndi liwiro la kuwala, kwa munthu woima pambali, chimafupika motsata kumene chikulowera, koma m'mbali sichisintha.

Bambo Saide, okonza njinga pamsika, anakweza dzanja lakuda ndi girisi. "Aphunzitsi, nanga wilo likamazungulira paliwiro limenelo? Rimu ikuthamanga motsata utali wake, ndiye ifupike. Koma marayu akuyenda cham'mbali, safupika. Rimu yaing'ono pamarayu omwewo? Kwanga wilo lotero limapindika."

M'Chipwitikizi rayu ndi sipoko, komanso ndi mzere wochoka pakati pa chozungulira kufika m'mphepete. Yankho m'buku munalibe, ndiye ndinabisala m'mawuwo. "Bambo, rayu wa m'buku si rayu wa pamsika. Za njinga muzizisiya pakhomo."

Onse anaseka. Dona anagwedeza mutu movomereza. Bambo Saide anatsitsa dzanja lija n'kulibisa pansi pa tebulo. Sanabwerenso, mayeso atangotsala mwezi.

Ndinafufuza pafoni masiku atatu. Funso lawolo linazunguzapo akatswiri enieni. Ndinapita kumsika, ndinawapeza akumanga wilo ndi kakiyi ka masipoko.

"Bambo, munalondola. Palibe wilo lingafike paliwiro limenelo osasintha: chitsulo chingakokeke kapena kuduka. Ndipo wokwera parimu atayeza, angapeze kuti kuzungulira kwake n'kwakutali kuposa mmene rayu akunenera."

Sanadzutse mutu. Anazunguza wilo, akuyang'ana ngati likuyenda mowongoka.

"Munandichititsa manyazi pagulu, aphunzitsi. Mukudzapepesa pambali?"

Mawa lake ndinazinena m'kalasi, Dona ali pomwepo. Mpando wa Bambo Saide unali wopanda munthu. Mayeso chaka chimenecho sanalembe.

Ndikuphunzitsabe. Dzanja likakwera ndipo yankho ndilibe, ndimaika choko pansi n'kunena kuti sindikudziwa. Mawu amenewo akadawasunga Bambo Saide pampando paja.