Chaka Chimene Ndinapempha Zinyalala

Ndinkagwira ntchito panyumba yogona alendo ku Menlo Park mumzinda wa Pretoria, ndipo adona anandipatsa kachipinda kuseri kwa galaja. Kachipinda kameneko ndi kamene kanachititsa kuti ndizikhala ndi mwana wanga. Anzanga ambiri kuno ku Joni, mwana akangoleka kuyamwa amamukweza basi kupita kwa agogo ake kumudzi, chifukwa mabwana safuna phokoso la mwana pakhomo. Adona anga ankalola, bola mwanayo asalire pamene alendo akudya.

Nyumbayo inkadalira mwezi wa Okutobala. Ndi nthawi imene mitengo ya jakaranda imachita maluwa, misewu ya Pretoria n'kusanduka ya mtundu wa pepo, m'mwamba ndi pansi pomwe. Chaka chilichonse kunkabwera gulu la okalamba ochokera kutali ku Asia, n'kudzaza zipinda zonse, kudzangoona maluwa basi. Poyamba ndinkadabwa kuti munthu angakwere ndege chifukwa cha chinthu chimene ine ndimasesa m'mawa uliwonse.

Chaka chimenecho chisanu chinatha msanga. Kunayamba kutentha nthawi isanakwane, mitengo n'kuchita maluwa mu Seputembala, alendo akadali kwawo. Adona ankatuluka ndi kapu ya tiyi n'kumayang'ana m'mwamba ngati mlimi woyembekezera mvula. Anandiuza kuti ndisiye kusesa, maluwa ogwa akhalebe pabwalo. Zinandivuta, pakuti kwathu bwalo losasesa ndi la pamaliro, koma ndinabisa tsache. Kenako kunagwa matalala. Maluwa amene anatsala mumtengo wathu anayoyoka onse, mvula n'kuwakokolola kupita nawo kumsewu. Adona anandiuza mosabisa kuti gululo likakhumudwa silidzabweranso, ndipo sadzatha kusunga wantchito wogonera pomwepo.

Nzeru inachokera kwa abambo a ku Thyolo amene ankasamalira gadeni. Anati misewu ya kumtunda matalala sanafikeko kwenikweni, ndipo osesa kumeneko ndi amayi akwathu. Anati tikapemphe maluwa amene amasesawo, tidzawamwaze pabwalo pathu. Abambowo akanakankha wilibala, koma kupemphako anati ndi kwa ine, poti mwamuna sangamagogode pamageti a eni. Adona atamva anaseka mpaka misozi, kenako anatipatsa matumba akuda.

Ine ndine munthu wamanyazi. Ngakhale kutchalitchi ndimakhala kumbuyo. Pageti loyamba ndinaima nthawi yaitali mwana ali kumsana, mpaka amayi ena onenepa a ku Ntcheu anandiona okha. Nditawafotokozera ndi mawu apansipansi, anagwira m'chiuno.

"Eish, amake mwana, ulendo wonse wochokera ku Malawi kudzapempha zinyalala ku Joni?"

Anaitana mnzawo wa nyumba yoyandikana. Uyo anafunsa ngati ndayamba using'anga, kuti nayenso ndimukonzere ka mankhwala kofewetsa bwana wake. Ndinangoyang'ana pansi. Koma nditatchula za kachipinda ndi mwana, kuseka kunatha. Amayi a ku Ntcheu aja anati, "Bwerani mawa kusanatenthe. Tisesa mopepuka kuti asaphwanyike." Anauzana okha pafoni, ndipo m'mawa mwake tinapeza matumba atatsamira pamageti msewu wonse. Ena anachita kuchotsamo timitengo ndi masamba.

Tinamwaza maluwawo pabwalo ndi manja ngati tikuyanika mphale. Njuchi zinabwera. Pansi panakongola ndithu, koma mtengo pamwamba unali mbee.

Alendo atatsika m'basi anayamba kujambula. Agogo ena aakazi oyenda ndi ndodo anayang'ana pansi, n'kuyang'ana nthambi zopanda kanthu, kenako anayang'ana manja anga amene anali atathimbirira ndi maluwa. Anangowerama pang'ono. Ine ndinapinda mawondo monga timachitira kwathu.

Maluwa ogwa sakhalitsa. Dzuwa likakwera ankasanduka ofiirira ndi oterera, tinkawachotsa madzulo n'kukatenga ena m'mawa, mpaka kumtunda nakonso anatha. Gululo linafupikitsa masiku ake, linapita kukaona nyama kunkhalango.

Basi itachoka adona anandiitanira kukhitchini. Ndinalowa nditaganiza kale za amene ndingamutume kuperekeza mwana kumudzi. Anati woyendetsa gululo wanena kuti chaka chamawa ayesa kubwera mofulumirirako, ngakhale palibe akudziwa kuti mitengo idzatani. Anatinso malipiro a sabata yonse sangawakwanitse, ndizigwira ntchito masiku ochepa, enawo ndifune kwina.

Ndinafunsa za kachipinda.

"Kachipinda n'kako," anatero. "Mwanayo amuzolowera agalu anga."

Ndinathokoza, n'kutuluka kukasambitsa mwanayo, chifukwa anali atadzipaka maluwa owola mpaka m'makutu.