Kadontho Kofiira m'Bokosi la a Ngoma

A Simoni Ngoma ankakonza mawailesi pa kamsika kena m'Kapata. Chitsulo chosungunulira mtovu ankachiwotcha pambaula. Sankayankhula zambiri, ndipo anthu ankati munthu wofatsa chotere alipo chimene akubisa. Zaka zimenezo okonza mawailesi ankaganiziridwa kuti amazula zipangizo zabwino n'kuikamo zakutha. Motero munthu asanapereke wailesi yake ankayamba waitsegula, n'kudonthezera kyuteksi wofiira, utoto wopaka zikhadabo, pa kachipangizo kalikonse ngati chizindikiro.

Mu Okutobala wa 1994, nyenje zikulira, mvula isanagwe, a Ngoma anapangira tchalitchi chathu cha ku Madzimoyo kabokosi kokonzera mawu a ampulifaya. Ampulifaya yathu inkangogunda m'malata, mawu a kwaya osamveka. Kabokosiko kanali ndi zopotokola ziwiri: cha besi chochepetsera kugundako, cha tirebulo chokwezera mawu a amayi. M'kati mwake analumikiza tizipangizo, timarezisita ndi timakapasita, pa kathabwa.

Tsiku limene ndinapita pa njinga kukakatenga, ndinapeza Mayi Sesiliya Mbewe, ogulitsa mtedza, ataima pa benchi la a Ngoma, wailesi ili m'khwapa.

"A Ngoma, wailesi yanga inabwera kuno ndi mawu a bambo, yabwerera ndi mawu a udzudzu. Mawu akewo mwawalonga m'bokosi la Akatolika?"

"Mabatire anu atha, mayi."

"Atha ndi manyazi anu. Tsegulani tione!"

Mayi Mbewe anaitanitsa tcheyamani wa msikawo, a Sankhani Jere. Lamulo linali lodziwika: wakuba zipangizo alandidwe malo. A Ngoma anamasula kabokosiko pang'onopang'ono. Pafupi ndi chopotokola cha tirebulo panali kakapasita kobiriwira, kadontho kofiira kali pamsana pake.

"Ndinakachotsadi," anatero a Ngoma. "Kanatopa. M'wailesi mwanu ndinaikamo katsopano."

"Kwa ine kakufa, kwa Mulungu kamoyo?" anafunsa Mayi Mbewe.

Anthu anaseka. A Ngoma anayesa kufotokoza kuti m'kabokosimo ntchito yake ndi yopepuka, koma palibe anawamvetsa. Atatsegula wailesiyo anapezamodi kakapasita kena konyezimira, kopanda dontho. Kaya kanali kabwino kuposa kakale, kaya kachabechabe, pamsika ponse wodziwa anali mmodzi yekha, woimbidwa mlanduyo.

A Jere anakanda mutu nthawi yaitali. Kenako anati, "Chakufa mukadabweza kwa mwini wake, akataye yekha. Pofika Loweruka benchili lichoke."

A Ngoma anachotsa benchi lawo. Mvula yoyamba itagwa anasamukira kwa achibale awo kufupi ndi Mtenguleni.

Mu Januwale ndinadutsako, ndipo ndinawapeza akupalira thonje, zala zitachita matuza. Ndinkafuna kuwafunsa ngati kakapasitako kanalidi kotopa. Iwo anayamba kundifunsa za mvula ya kwathu, ine n'kuyankha za mvulayo basi.