Tinapita Ngati Ankhoswe ku Ntchito ya Fesitoni

Lachisanu lapitali tinalipo anthu asanu. Ndinalipo ine, amene ndinagwira ukapitawo zaka zambiri m'minda ya tiyi ku Mulanje ndisanabwerere kudzalima kuno kwa Nazombe. Analipo alamu anga a Lasitoni, mlongo wawo wa akazi anga, omwe ndi atsibweni a ana anga. Analipo mlonda wa pageti, munthu wamtali wosaseka, yemwe dzina lake sindinalifunse. Analipo Mayi Nyirenda, bwana wa pakampani ina ku Limbe. Ndipo analipo Fesitoni, mwana wanga wachitatu, mwini wake wa nkhani yonseyi.

Fesitoni amakonza mafiriji ku Limbe. Osati timafiriji tosungira madzi akumwa ayi, koma zipinda zathunthu zozizira, momwe eni mashopu amasungamo nkhuku ndi nsomba. Kampaniyo inamutenga kuti imuyese miyezi isanu ndi umodzi. Lamulungu anaimbira foni mayi ake kuwauza kuti miyezi ija yatha, ndipo Lachisanu akakhala pansi ndi bwana wake kuti amve ngati amulemba ntchito kapena amuuza kuti azipita. Mayi ake atatseka foni anati mwanayu ali ndi mantha, mawu ake akumveka ochepa.

Ndinafunsa kuti akalowa ndi ndani. Anati yekha.

Yekha?

Inu awerengi, kwathu kuno munthu sapita yekha pamene pakukambidwa za moyo wake. Ukafuna banja, pamakhala ankhoswe. Mukakangana malire a munda, umapita ndi mwini mbumba. Ine amene, ntchito ya ku tiyi ija, anakandipereka ndi malemu atsibweni anga. Anaima pamaso pa kapitawo wamkulu, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti mwanayu ndi wathu, akalakwa mudzafunse ife. Tsiku lomwelo ndinapatsidwa dengu. Ndiye wanga akaime yekha ngati alibe kwawo, ine ndili moyo?

Ndinapita kwa a Lasitoni. Anavomera ndisanamalize kulankhula, chifukwa iwo ulendo wa m'tauni saukana. Mwini wakeyo sitinamuuze. Ndinkadziwa kuti akana, ndipo ine sindifunsa chinthu chimene ndikudziwa kuti andikaniza.

Tinakwera minibasi yoyamba pa Chiringa, ine jekete langa la ku tchalitchi, a Lasitoni thumba la nandolo ndi makaka pamiyendo. Munthu sulowa pakhomo pa eni uli chimanjamanja. Dzuwa lisanatenthe tinali titaima pa geti lachitsulo ku Limbe.

Mlonda anatifunsa ngati tinapangana ndi bwana. Ndinati sitinapangane, koma akatiwona asangalala. Anatulutsa buku la alendo kuti tilembe. Dzina langa ndimalemba ndekha, ngakhale ndimalemba mwaulemu, chilembo chimodzichimodzi. Koma atati ndilembenso chimene ndabwerera, ndinamubwezera cholembera. Zoterozo ndi za pakamwa. Ndinayamba kumufotokozera kuti ndine ndani, ndachokera kuti, ndipo mwana wanga ndi uti.

Amene mumandidziwa mukudziwa kuti kunong'ona sindinaphunzire. Ndikaitana munthu pa Chiringa, a kwa Chiwalo amavomera. Sindinali kukalipa konse, ndinali kungofotokoza. Koma anyamata amene ankakweza zitsulo m'galimoto anasiya ntchito n'kucheuka, ndipo zenera lina linatseguka. Panatuluka mutu wa mayi. Kumbuyo kwake ndinaona nkhope ya Fesitoni, itayera ngati phulusa. Zokambirana zawo zinali zitayamba kale.

Anatilowetsa.

Mayi Nyirenda ndi wamng'ono, msinkhu wa mwana wanga woyamba, koma ulemu anaphunzitsidwa. Anaimirira, kutipatsa moni ndi manja awiri, n'kutikokera mipando. Patebulo panali mapepala okhudza mwana wanga. A Lasitoni atatula thumba lija, mayiyo anathokoza kwambiri, koma anati sangalandire. Anafotokoza kuti akalandira lero, ndiye n'kumulemba ntchito mnyamatayu, anzake azidzati ntchito anagula ndi nandolo, ndipo mbiri imeneyo sidzamuchoka. Ine mtima unakwera. Mphatso kubwezedwa, pamaso pa mwana wanga? Koma alamu anandiponda phazi pansi pa tebulo, ndinameza mawu.

Ndiye ndinaimirira kuti ndichite chimene ndinabwerera.

Apa ndipomwe muyenera kundimvetsa bwino. Kwathu, popereka mwana kwa eni, sumangotchula zabwino zake. Umanena ndi zoipa zomwe, kuti mawa asadzati munatibisira. Nkhoswe amene amangoyamikira ndi wabodza, ndipo aliyense amadziwa. Ndinakonza jekete.

"Mayi, mwanayu tikumupereka m'manja mwanu, koma sitikubisirani. Ndi wochedwa pogwira ntchito. Wailesi yanga anaimasula ali Sitandade 6, inakhala pamkeka milungu itatu ili zidutswazidutswa, ine mpira osamvera. Mukamukalipira sayankha, amangoyang'ana pansi, koma ngati mumtima sanavomere, zimene mwanenazo sachita. Ndiponso kudzuka m'mawa kumamuvuta."

A Lasitoni, posafuna kuoneka ngati angobwera kudzaperekeza thumba, anaonjezera kuti anatayapo mbuzi zawo ziwiri chifukwa chokhalira kuonerera okonza njinga pamsika.

Fesitoni anali atatseka maso. Mayi uja anatenga cholembera, ndipo pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti pano si pa chinkhoswe. Pano zoipa sazilandira ndi nthungululu, amazilemba papepala. Ndinati mumtima, lero mwana wanga ndamuchotsa ntchito ndi pakamwa panga.

Mayiyo anandiyang'ana n'kufunsa.

"Bambo, wailesiyo inadzalira?"

"Ikulirabe mpaka lero."

Anagwedeza mutu, cholembera n'kuika pansi. Kenako anati za kuchedwa ndi za mwano wa chete wazimva, ndipo sizachilendo kwa iye. Koma za kudzuka anati mwina ndikunena mwana wina, chifukwa Fesitoni ndi amene amayamba kufika pageti tsiku lililonse, ngakhale amachokera ku Bangwe wapansi.

Ndinafunsa ngati wati wapansi.

"Simumadziwa?"

Funso limenelo analifunsa mofatsa, koma linandilowa ngati minga ya m'phazi. Anatipempha kuti tikadikire panja, chifukwa lamulo la pakampani ndi lakuti nkhani zoterezi amamaliza awiri, bwana ndi wantchito. Tinatuluka ndi thumba lathu.

Tinakhala pa benchi pafupi ndi geti. Mlonda uja, amene m'mawa ankatiyang'ana ngati mbava, tsopano anali atamasuka, poti nkhani yonse anaimva kudzera pazenera. Ndi iye anatiuza mmene anyamatawa amakhalira. Anati ambiri amayenda wapansi kuti ndalama ya minibasi itsale. Masana amagula chinangwa chootcha kapena mbatata, kumwera madzi a pampopi, basi abwerera ku ntchito. Anati firiji ya eni ikafa Loweruka, palibe zoti lero ndi lopuma, chifukwa nkhuku sizidikira Lolemba. Anatinso Fesitoni nthawi zina amatuluka m'zipinda zozizira zija zala zitauma, n'kukaziwotha pa injini ya galimoto.

Miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikuyenda pachifuwa potukula. Pamaliro, ku tchalitchi, pogulitsa nandolo, aliyense ndamuuza kuti wanga ali m'tauni, ali pa ntchito ya magetsi ndi makina. Koma mukanandifunsa kuti amadzuka nthawi yanji, amadya chiyani masana, chitseko cha nyumba yake chayang'ana kuti, ndikanakuyankhani chiyani?

Ndipo musandiseke ndekha. Tilipo ambiri.

Ife makolo a kumudzi tsiku lakutha kwa mwezi timalidziwa kuposa tsiku lobzala. Likayandikira, timayamba kubipa. Feteleza wakwera. Denga likudontha. Mlongo wako akufuna yunifolomu. Kuli chitukuko ku tchalitchi. Zonsezo n'zoona, sindikukana, ndipo mwana kuthandiza kwawo ndi dalitso. Koma ndani wa ife anaimbapo foni pakati pa mwezi, osapempha kanthu, kungofunsa kuti mwanawe, ntchito yakoyo imayenda bwanji?

Timaganiza kuti malipiro ndi nkhokwe, kuti amalowa athunthu n'kukhala phee kudikira ife. Ayi ndithu. Malipiro a m'tauni amapeza pakamwa pambiri patayasama kale. Mwini nyumba ali pakhomo. Madzi ogula, makala ogula. Ngakhale therere limene ife timathyola kuseri kwa bafa, kumeneko ndi la pamsika. Ndiye ndalama ija imatifika pafoni, imene timailandira n'kunena kuti yachepa, nthawi zina ndi mapazi a mwana wako, oyenda kuchokera ku Bangwe mpaka ku Limbe ndi kubwerera.

Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Ine ndadya zambiri osafunsa kuti zachokera kuti.

Koma musaganize kuti pabenchipo ndinangoona zachisoni. Ayi. Ndinaona anyamata ndi atsikana ovala maovololo, wina atanyamula kamakina koyezera, akulozerana mawaya ndi kutsutsana ngati madokotala pa wodwala. Ndinafunsa mlonda kuti kwawo n'kuti ana amenewa. Anati wina wa ku Thyolo, wina wa ku Nsanje, mtsikana wovala magalasi wa ku Migowi konkuno. Ana a alimi ngati ife. M'nthawi yanga ntchito inali msana. Msana ukatha, ntchito yatha, umabwerera kumudzi ndi khasu ndi nkhani zakale. Awa ntchito yawo ili m'mutu ndi m'zala. Ngakhale geti ili litawatsekera, luso atuluka nalo, palibe mlonda angawalande potuluka.

Ndiponso taonani amene wakhala pampando wa ubwana pakampanipo. Mwana wamkazi wa munthu wina, wodziwa kukana mphatso osanyoza woipereka. Ku tiyi kuja ndinaona akapitawo akulandira nkhuku, n'kupereka mzere wabwino wa tiyi kwa mwini nkhukuyo, wakhama n'kumusiya kumitengo yokalamba. Ine sindinalandirepo, kupatula kawiri kapena katatu. Ngati ana athu akugwira ntchito pamalo pomwe nandolo sagula kanthu, ndiye dziko silikupita kuphompho monga timanenera tikakhala pansi pa mtengo.

Tsono sindikunena kuti mawa nonse mukwere minibasi mukagwedeze mageti a makampani. Zimenezo ndachita kale ine, zakwanira boma lonse la Phalombe. Kulakwa ndinalakwa, ngakhale pang'ono. Mwambo wathu ndi wabwino, koma uli ndi bwalo lake. Chimene ndikunena n'chakuti mwana ukamutumiza ku tauni, usamusandutse nambala ya foni. Mudziwe dzina la ntchito yake. Mudziwe chimene chimamuopsa. Tsiku limene akukaima pamaso pa mabwana, adziwe kuti kwawo kuli anthu amene akudziwa kuti ndi lero. Kodi zimenezi zimafuna sukulu? Ine ndinalekezera Sitandade 3, koma ndazimvetsa pa benchi limodzi.

Dzuwa lili paliwombo, Fesitoni anatuluka ndi envelopu m'manja. Sanatiyang'ane kumaso. Ananyamula thumba lija n'kukalisiya m'kanyumba ka mlonda, akuti adzalitenga poweruka, kenako anati tiyeni ndikuperekezeni ku depoti. Anali patsogolo, ife pambuyo, kuzemba magalimoto ndi ogulitsa malonda. A Lasitoni ankandikodola kuti ndifunse. Ine, amene ndinkayankhana ndi azungu a ku esiteti osaphethira, ndinalephera kufunsa mwana wobala ndekha kuti mu envelopumo muli chiyani.

Anatipezera malo m'minibasi ya ku Chiringa, ine cha pazenera. Kondakitala ali mkati moitanira anthu, Fesitoni anabwera n'kutsamira pazenerapo.

"Ababa, ntchito andilemba. Koma kalatayi inasainidwa Lachitatu, inu musanakwere n'komwe minibasi, ndiye musakauze anthu kumudzi kuti mwandipezera ndinu. Mukanangoiwononga. Nditamva za mbuzi zija ndinafuna pansi patang'ambika ndilowe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, koma anakweza dzanja, chinthu chimene sanandichitepo chibadwire.

"Sindinamalize. Pali mnzanga Yohane, tinayamba ntchito motsatizana, timagona nyumba imodzi. Makolo ake anamwalira ali wamng'ono. Anzathu onse akundiseka, koma iye sanaseke. Tsiku lake lokumana ndi bwana ndi mwezi wa mawa, ndipo wandifunsa ngati mungabwere. Ndamuuza kuti mubwera. Zoipa zake simukuzidziwa, ndiye mudzangokhala pabenchi mpaka atuluke."