Pulogalamu ya malikisi pa kompyuta ya ahedi

Chaka chimene ndinkaphunzitsa masamu pa sekondale ina kufupi ndi Madisi, ndinadzichemerera ndekha mu sitafu kuti ndilemba pulogalamu yowonkhetsa malikisi ndi kuika ana pa manambala. Pakamwa pangapa! Ahedi atangomva, analamula kuti teremu imeneyo pasapezeke wowonkhetsa pamanja.

Pa laputopu yanga inkayenda bwinobwino. Koma Lachiwiri, kutatsala masiku atatu kuti titsekere, ndinaikopera pa fulashi n'kukaiyika pa kompyuta ya mu ofesi, yokhayo yomwe inali ndi pulinta. Inakaniratu, akuti pali fayilo ina imene ikusowa. Makalasi asanu ndi atatu, malipoti osayamba n'komwe. Mphunzitsi mnzanga wa Chingerezi anaseka kuti paja kakyuleta sakana munthu, ndipo ndinapsa mtima kwambiri chifukwa ankanena zoona.

Wolakwa ndinali ine. Kompaila, imene imasandutsa zomwe walemba kukhala pulogalamu yeniyeni, sindinaiyang'ane n'komwe mmene inatcheredwera, ndiye inkatulutsa pulogalamu yodalira timafayilo tina timene tinali mu laputopu mwanga mokha. Kunali kubwereketsa mnzako wailesi, mabatire n'kutsala nawo.

Netiweki kumeneko inkagwira pachulu, kuseri kwa tchalitchi. Ndinakaima pamenepo mvula ikuwaza, kumawerenga pafoni mmene ndingauzire kompailayo kuti imange zonse mu fayilo imodzi. Ulendo uno ndinachenjera, sindinayambe ndi pulogalamu yaikuluyo. Ndinalemba kaye kakang'ono ka mizere itatu, kongotulutsa mawu akuti "zatheka", n'kukakayesa mu ofesi. Kanakana. Kompyuta ya ahedi inali yakale kuposa yanga, pamafunika kusinthanso pena. Ndinabwerera kuchulu kuja, nsapato zili matope okhaokha. Nditayesa kachiwiri, mawu aja anatuluka.

Kenako ndinamanganso ya malikisi ija. Ahedi anaima kumbuyo kwanga, manja ali m'thumba. Nditadina, mayina a Folomu 2 anandanda, woyamba mpaka wotsiriza, pulinta n'kuyamba kukoka pepala.

"Ndiye tiwauze anawa kuti makolo abwere Lachisanu, aphunzitsi?" anafunsa ahedi.

"Auzeni, bwana."

Mtima unakhala pansi mwakuti ndikanalira. Ndinaimirira kuti ndiwapatse mpando wawo, koma iwo anapita okha kukaimba belu loitanira ana.