Mphodza Zimene Taonga Analawa

Ntchito yanga yoyamba inabwera kudzera mwa amayi. Chinali chaka chimene makampani ankatsekedwa mu Dublin, ndipo amayi anawadulira maola kunyumba yosamalira okalamba. Ine ndinali ndi zaka 16. Mmodzi mwa agogo amene amayi ankawasamalira anali ndi mwana wamkazi, mayi wa ku India amene tinkawatchula kuti Anti Mina. Iwowa ankayang'anira khitchini ya kachisi wamng'ono wa Ahindu ku Mulhuddart, dera lina la Dublin, ndipo ankafuna mtsikana wothandiza Loweruka lililonse. Amayi anavomera, koma anandichenjeza kuti, "Ukukatsuka mapoto. Zogwada pazithunzi zawozo ayi."

Kachisiyo anali m'nyumba imene kale inali yosungiramo katundu, pafupi ndi garaja. M'kachipinda kakumbuyo munkakhala a Swami, bambo wachikulire wowonda, wodzipatula potumikira Mulungu. Anti Mina anandiuza kuti kwawo a Swami anali mphunzitsi wa masamu, koma ali ndi zaka makumi atatu anasiya ntchito, nyumba, ngakhale dzina limene anabadwa nalo, ndipo sanakwatire. Zovala zawo zinali nsalu ziwiri zofiirira ngati lalanje ndi juzi imodzi. M'mawa ankaphunzitsa mabuku awo opatulika. Masana kunkabwera azibambo amene ntchito zawathera, n'kukhala nawo pansi nthawi yaitali, iwo akungomvetsera. Lachitatu ankakwera basi kukaona odwala m'zipatala. Sindinali wa chipembedzo chawo, koma ndinkafunitsitsa kuti munthu wotere azindiona kuti ndine wakhama.

Ntchito yanga inali kusanja nsapato pakhomo, poti mkati salowa nazo, kukolopa, kutsuka mapoto akuluakulu, kupukuta nyale zamkuwa ndi ndimu ndi mchere, ndiponso kupota tizingwe tathonje toyatsira nyalezo. M'khitchini munali malamulo. Nyama, mazira, anyezi ndi adyo sizilowa. Lamulo lalikulu linali lakuti chakudya sachilawa chisanaperekedwe paguwa. Mchere amangoyeza ndi sipuni ndi maso. Tsiku langa loyamba ndinakweza sipuni kuti ndidonthezere msuzi pachikhatho monga timachitira kwathu, Anti Mina n'kundigwira dzanja. "Woyamba kudya ndi Mulungu," anatero. "Ife pambuyo."

Patapita miyezi isanu kunabwera Taonga, mtsikana wa ku Zambia wokhala ku Finglas, kudzathandiza pokonzekera chikondwerero cha nyale. Anali ndi zala zopepuka. Loweruka lake loyamba lomwelo anaphunzira kutunga maluwa ndi singano ndi ulusi, ndipo nkhata yake inatuluka yothina bwino, yopanda mipata. A Swami anainyamula, n'kuitembenuza, n'kunena kuti, "Manja awa ndi odala." Ine miyezi yonseyo ndinkangomva "zikomo, mwana wanga," mawu amene ankauzanso wobweretsa makalata. M'buku langa la tsiku ndi tsiku ndinalemba kuti: "Nyale khumi ndi ziwiri ndapukuta mpaka zala kuwawa, palibe waziyang'ana. Wina wangotunga maluwa atakhala pampando."

Kenako Anti Mina anatiuza kuti zopereka zachepa, ndipo chikondwerero chikatha padzatsala mtsikana mmodzi. Ananditumanso kuti ndimufotokozere Taonga malamulo a m'khitchini. Ndinamuuza za nyama, za anyezi, za kusamba m'manja mpaka m'zigongono. Za kulawa sindinamuuze. Ndinadziuza kuti ndaiwala, koma ndinali ndisanaiwale.

Tsiku la chikondwerero tinafika seveni koloko m'mawa. Chakudya chinayenera kupita kuguwa wani koloko. Pamoto panali mpunga, masamba, ndi poto wamkulu wa mphodza zothira tomato ndi jinja, zokwanira anthu onse. Cha m'ma leveni Anti Mina anatuluka kukatenga maluwa m'galimoto, n'kumusiyira Taonga mthiko kuti mphodza zisapserere. Ine ndinali pasinki, pafupi naye.

"Iwe Esinati, aba bantu sakonda mchere, ayi?" anatero Taonga m'chinyanja cha kwawo, akuseka. Ndinamuona akutenga sipuni. Ndinamuona akutunga, akuuzira kuti zizizire. Nthawi yoti ndikuwe inalipo yambiri. Ndinangoyang'ana thovu la sopo m'manja mwanga. Analawa, n'kuthira mchere pang'ono, n'kubwezera sipuni yomweyo m'poto.

Anti Mina atalowa ndinalankhula mokweza kuti, "Anti, Taonga walawa mphodza."

Anaika bokosi la maluwa pansi n'kugwira kumutu. Taonga anayang'ana iwo, n'kuyang'ana ine, osamvetsa kuti walakwa chiyani. Atamufotokozera anayamba kulira. "Ine sininadziwe, palibe ananiuza!"

A Swami anamva phokosolo n'kubwera. Anamvetsera mpaka Anti Mina atamaliza, kenako anafunsa funso limodzi: "Anamuphunzitsa za m'khitchini ndani?" Anti Mina anangotembenukira kwa ine.

A Swami sanakalipe. Anati poto uja aikidwe pambali, tidzadya ife ogwira ntchito, ndipo tiphike wina. Anapinda manja a juzi, n'kukhala pakreti pafupi ndi ine, n'kuyamba kusankha timiyala m'mphodza zatsopano pathireyi. Ine ndinkadula tomato. Patapita kanthawi anandifunsa motsitsa mawu kuti, "Unamuona akukweza sipuni?"

"Inde."

"Ndiye mwalawa nonse awiri," anatero, n'kupitiriza kusankha.

Mphodza zosanyikidwa zimachedwa kupsa. Tinazigawa m'mapoto awiri kuti zifulumire, Taonga akutakasa mmodzi, ine winayo, osayang'anana. Anthu anadzaza, ana akulira ndi njala, Anti Mina akungoyang'ana wotchi. Chakudya chinafika paguwa mochedwa ndi theka la ola. Ndili pakhomo la khitchini ndinamva a Swami akupepesa kwa anthu kuti kuchedwako ndi kwawo, chifukwa sanaonetsetse kuti othandiza aphunzitsidwa bwino. Dzina langa sanalitchule. Ndikanakonda akanandikalipira pagulu, chifukwa kusanditchulako kunandiwawa koposa.

Loweruka lotsatira Anti Mina anandiitanira panja n'kundiuza kuti asankha Taonga. Sindinatsutse. Potsanzika, a Swami anandiuza kuti ndilimbikire sukulu, ndipo pakhomo pawo ndi potsegula. Taonga ndinamupepesa pamalo odikirira basi. Anati, "Iwe uli na mtima woipa, mwandi," n'kukhala mpando wina. Sindinganame kuti nsanje inatha tsiku limenelo. Milungu yambiri, Loweruka likafika, ndinkamuganizira ali pampando uja akutunga maluwa, ndipo chakudya sichinkandilowa.

Tsopano ndili m'chaka chomaliza cha sekondale, ndipo ndikufuna kudzaphunzira unamwino. Loweruka ndi Lamlungu masana ndimasanja katundu m'sitolo ina ku Finglas. Mwezi watha kunabwera mtsikana watsopano, ndipo bwana anati ndimuonetse ntchito. Ndi wachangu kuposa ine, bwana wamuyamikira kale kawiri, ndipo mtima wanga ukuchita zomwe zija. Koma tsiku lake loyamba ndinatenga pepala n'kumulembera zonse: kuti mkaka wakale umabwera kutsogolo, kuti mabokosi a mazira sasanjikiza oposa atatu, kuti chitseko cha firiji yakumbuyo sichitsekeka ukapanda kuchikankha ndi bondo. Nditamaliza ndinawerenga pepalalo kawiri, kufufuza ngati pali chimene ndasiya dala.