Zikhomo za pa Zalewa

Matipate atangoyamba kumene, ine ndinkagulitsa nsomba zouma pa Zalewa, m'mbali mwa kamsewu kafumbi kolowera kumsika. Nsombazo ndinkakapikula ku Matope. Pafupi ndi benchi langa pankakhala mayi wina wogulitsa makala, wamkulu kwa ine, amene ndinkawatchula kuti achemwali ngakhale sitinali pachibale.

Malowo anali ovuta. M'chilimwe dzuwa linkaswa mtengo moti nsomba zinkangofumbutuka m'manja. Mvula ikagwa, madzi onse akumtunda ankatsata kamsewuko n'kulowa m'magolosale. Tinkadandaula, koma tinali titazolowera.

M'mawa wina tinapeza zikhomo zopaka penti zitakhomedwa mondondozana, china pakati penipeni pa miyendo ya benchi langa. Wozikhomayo anali bambo wamtali wa chipewa chansalu, Chichewa chake chomveka kuti ndi wakumpoto. Anati watumidwa ndi ofesi ya ku Mwanza, poti nthawi imeneyo Neno inali isanakhale boma payokha.

"Amayi, musaope," anatero. "Apa padutsa ngalande yoti madzi azitsikira kudambo. M'mphepete mwakemu tidzalamo mitengo ya nimu, muzikhala pamthunzi."

"Mthunzi wa ndani?" anafunsa achemwali. "Kwathu kuno munthu akadzala mtengo ndiye kuti malowo ndi ake. Mukadzala inuyo, ife tikhala alendo anu, eti?"

Bamboyo anangoseka. Kusekako n'kumene kunatisowetsa mtendere.

Pofika masana nkhani inali itamera nthambi. Ena ankati pentiyo ndi mtundu wa chipani chakuti, ena ankati malowo wagula munthu wolemera wa ku Blantyre. Achemwali anali ndi zawo: ankati ameneyu ndi kazitape wa a zankhalango, chifukwa anawafunsa kumene makala awo amachokera. Tonse tinali tisanaiwale zaka zija zimene mawu oti chitukuko ankabwera limodzi ndi anyamata a zibonga. Tsopano tinali ndi ufulu wokana, ndipo tinkafuna kuulawa.

Chodabwitsa n'chakuti bamboyo ankagula nsomba kwa ine. Akafika ankapereka moni bwinobwino, n'kuyamba mafunso: madzi amafika pati mvula ikakula, amachokera mbali iti, amatha nthawi yaitali bwanji. Ndinkayankha mwachidule, maso ali pa nsomba. Akachoka, achemwali ankandinong'oneza kuti, "Wamuuza chiyani? Samala, munthu wa mafunso sabwera yekha."

Ntchito itayamba, bamboyo anatipempha kuti tisunthire mabenchi kumbuyo kwa magolosale, kwakanthawi chabe. Ambiri tinasuntha, monyinyirika. Achemwali anakana. Anakhala pamwamba pa matumba awo, chitenje atamanga m'chiuno, n'kuuza okumbawo kuti ngati akufuna malowo ayambe akumba iwowo. Ngalande inachita kukhota kuwalambalala.

Mvula ya chaka chimenecho inagwa yamphamvu, ndipo kunena zoona madzi anatsata ngalande, magolosale osanyowa. Mitengo ina inadyedwa ndi mbuzi, koma yambiri inagwira, poti azimayi a kutchalitchi ankaithirira n'kuitchinga ndi minga. Ndinayamba kuchita manyazi ndi maganizo anga aja.

Koma titafuna kubwerera kutsogolo, a komiti yamsika ankangoti tidikire mitengo ilimbe kaye. Tili chidikirire, tinaona timaokala tatsopano tikumangidwa pakati pa mitengoyo. Eni ake tinkawadziwa: mlamu wa wapampando wa komiti, mphwake, ndi ena ovala nsalu za chipani. Ife tinatsala kumbuyo, kumene wokwera basi safikako. Mwa akale tonse, anatsala kutsogolo ndi achemwali okha.

Bambo wa chipewa uja atamusamutsa, anabwera kudzatsanzika. Anandifunafuna mpaka kundipeza kuseri kwa golosale, pafupi ndi dzala. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana timaokalato.

"Amayi, izi ine sindinazidziwe," anatero.

Ndinamuyang'ana kumaso. Ankaoneka wokhumudwa ndithu, koma ndani angalowe mumtima mwa munthu? Ndinangoti, "Muyende bwino, bambo," n'kumukulungira nsomba zake m'nyuzipepala.

Madzulo ndinawafotokozera achemwali. Anapitiriza kuthira makala m'chitini, osadzutsa mutu.

"Mwina sanadziwedi," anatero. "Koma anam'tuma uja ankadziwa."

Chaka chotsatira ndinasiya nsomba, n'kuyamba kuyenda ndi dengu la nthochi pamawindo a mabasi.