Nyimbo yachisanu ya pa kaseti ya atate

Atate anasiya kaseti imodzi yokha ya nyimbo zawo. Munali nyimbo zisanu ndi ziwiri, zonse zopanda mawu. Anaijambulira m'kalasi, pasukulu ya pulayimale imene ankaphunzitsa kufupi ndi Vubwi, Loweruka lina masana, wailesi ataikhazika pa desiki. Oyimba anali anayi: atate pa gitala, mphunzitsi mnzawo pa saksofoni, telala wa ku Katete pa besi, ndi kalaliki wina pa ng'oma. Ankati amayimba jazi. Mawu sanaikemo dala, chifukwa akulu a mpingo ankawalondalonda, ndipo atate ankati nyimbo yopanda mawu palibe angaipezere mlandu.

Onse anayi anamwalira. Kaseti yathu inakhala m'sutikesi ya amayi kumudzi kwathu ku Sinda, ndipo ine, ngakhale ndagwira ntchito ya utolankhani moyo wanga wonse, sindinaganizepo zolembapo kanthu.

Chaka chatha ndinalandira foni kuchokera ku Lusaka. Woyimbayo anati ndi mphwake wa telala uja, ndipo amatsogolera gulu la anthu anayi oyimba jazi ndi pakamwa pokha, popanda chida chilichonse. Kope la kaseti analipeza m'katundu wa amalume ake. Tinakumana ku Katete, pa lesitilanti ina m'mbali mwa msewu waukulu, ndipo anandifotokozera mmene amagwirira ntchito. Nyimbo amaiika pa kompyuta n'kuichepetsa liwiro. Aliyense amatenga chida chimodzi n'kuchiloweza, kamvekedwe kalikonse, ngakhale pamene chala chinaterereka kapena pamene woliza saksofoni anapuma. Sawonjezera, sachotsa. Ntchitoyo inawatengera miyezi isanu ndi itatu.

"Manje chatsala ni chimodzi chabe, akulu," anatero. "Amayi anu asaine kuti avomera. Popanda siginecha yawo chimbale sichituluka."

Ananditumizira nyimbozo pa foni. Ndinazimvera m'minibasi yopita ku Sinda, ndipo ndinalemba m'kabuku kanga kuti yachisanu ndiyo yoposa zonse. Ndi ya mphindi zinayi. Itangodutsa mphindi yachiwiri zida zina zimakhala chete, gitala n'kutsala yekha. Amakwera pamwamba, amatsika masitepe atatu, amaima ngati watsamwa, kenako amayambiranso. Amatero kanayi. Gawo limeneli analiyimba mayi wina wa mawu okwera, yekhayekha, akungoti "ee, ee." Ndinaibwereza katatu tisanafike. Ndinkaidziwa kuyambira ndili mwana, ndipo sindinamvemo chachilendo.

Amayi ndinawapeza pakhonde akuswa mtedza. Inali nthawi yoti anthu akolola kale, masana opanda mphepo, pamene tambala wa kutsidya kwa dambo amamveka ngati ali kuseri kwa nyumba. Ndinawafotokozera zonse, ndinatulutsa pepala, n'kuika kasipika kanga pa mpando.

Nyimbo yoyamba anaimvera akuseka.

"Ameneyu wadya chiyani? Akungobuula ngati ng'ombe yotupidwa."

"Ndi besi imeneyo, amayi. Akutsanzira atelala aja."

"Oo! Ndiye wawatengeradi. Tamva, akubwera m'mbuyo mwa anzawo. Ankachedwa chomwecho ngakhale ndi madiresi."

Pa yachitatu anagwedeza phewa, n'kunena kuti imeneyo atate anaipeka chaka chimene tinagula njinga. Pa yachisanu, mayi woyimba uja atangotsala yekha, manja a amayi anaima m'lichero. Ndinaganiza kuti yawakomera ngati mmene inandikomera ine. Ndinakweza sipika mpaka pamapeto, ndipo itatha ndinaibwereza.

Woyamba kufika anali mayi wa nyumba yoyandikana nafe, wopanda nsapato, chitenje atafunda kumutu. Anayamba kulira ali panjira. Kumbuyo kwake kunabwera ena awiri, manja ali kumsana, nawonso akulira. Patali ndinaona abambo atatu akubwera pang'onopang'ono, zipewa zili m'manja. Mayi woyamba uja atafika pabwalo anaona amayi atakhala, amoyo, lichero lili pamiyendo. Anadukiza kulira pakati.

"Watisiya ndani?"

Ndinazimitsa sipika. Kwathu uthenga wa maliro sumadikira munthu woti akauze anthu. Mukamva kulira mumasiya khasu kapena mphika n'kutsata kumene kukuchokera. Ndipo kulira maliro pamene palibe wamwalira ndi malodza. Zonsezi ndinkazidziwa. Chimene sindinadziwe n'chakuti zimene ndinkaulutsazo zinali kulira.

Alamu awo a amayi, gogo wolankhula mosapsatira, anandiloza ndi ndodo.

"Iwe wa nyuzipepala iwe, watisiyitsa ndiwo pamoto kuti tidzalire foni? Sukulu yonse ija unapita kukaphunzira zimenezi?"

Ena anaseka, koma kusekako sikunapite patali. Ndinapepesa aliyense payekha. Anabwerera akuyang'ana m'mbuyo, ndipo palibe anakhala pansi kuti acheze.

Titatsala awiri amayi anati, "Kulira kumeneko n'kwanga."

Ndinali ndi mlongo wanga amene anamwalira ndi chikuku ali ndi zaka zitatu, tikukhala ku Vubwi. Ine ndinali ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo tsiku la maliro ananditengera kunyumba kwa aphunzitsi ena. Ndimakumbukira phala limene anandipatsa, basi. Amayi anandiuza kuti mkazi aliyense ali ndi kaliridwe kake, ndipo anzake amamuzindikira asanamuone. Iwo analira usiku wonse m'nyumba. Atate anakhala panja ndi abambo anzawo, monga mwa mwambo, osatulutsa mawu. Patapita miyezi ingapo amayi ali kukhitchini anamva gitala pakhonde akukwera, akutsika katatu, akuima pamene iwo ankaima kuti apume.

"Munawafunsa?"

"Ndiwafunse chiyani? Iwo sananene, ine sindinanene. Takhala zaka zonse zija, nkhani imeneyo sitinaikambe. Akayamba kuiyimba ndinkangopita kumunda."

"Nanga bwanji anthu sanathamangire kunyumba nthawi imeneyo?"

"Waya ndi waya. Ndani angavale chitenje chifukwa cha waya? Kulirako atate ako anakuchotsa pakhosi panga n'kukubisa m'gitala. Awa akubwezera pakhosi pa munthu."

Ndinayesa kuwanyengerera, ndipo ndinachita monga ndinazolowera pantchito, kundandalika mfundo. Oyimbawo sanadziwe. Sanalakwitse kanthu, anangotsata kaseti mokhulupirika. Ku Lusaka palibe amene angamve maliro m'nyimbo imeneyi. Ndiyo nyimbo yabwino koposa imene atate anapeka, ndipo ikachotsedwa anthu adzawadziwa ndi zotsalira. Mfundo yomalizayi ndi imene inkandiwawa ine mwini.

Amayi anandisiya ndimalize, kenako anafunsa, "Mtsikana wayimbayo ali ndi mwana?"

Ndinali nditafunsa za aliyense m'gululo, choncho yankho ndinali nalo. "Mmodzi. Wamkazi, wa zaka ziwiri."

Amayi anaika lichero pansi.

"Bweretsa pepalalo. Zisanu ndi imodzi atenge, aziyimba mpaka atatopa. Yachisanu ayi. Ndipo umuuze mtsikanayo asadzaiyimbenso. Sangamayeserere kulira mwana, mwana wake akusewera pabwalo."

Analemba okha m'munsi mwa pepala, ndi zilembo zikuluzikulu, kuti kupatula yachisanu, n'kusaina.

Pakhomo pathu netiweki imavuta, choncho m'mawa mwake ndinayenda mpaka kumsewu waukulu kukaimba foni. Mtsogoleri wa gulu uja sanakondwe.

"Akulu, imeneyo ndiye mtima wa chimbale! Miyezi iwiri tinathera pa iyo yokha. Akambeni nawo bwino amayi, ni nyimbo chabe."

Ndinamufotokozera za azimayi atatu olira panjira ndi abambo a zipewa m'manja. Ndinamva anthu akulankhulana chapansipansi, chifukwa anali onse pamodzi pokonzekera, kenako pa foni panabwera mawu a mkazi. Ndinawazindikira nthawi yomweyo: anali a mayi woyimba yachisanu uja.

"Atate, ndamva zonse. Auzeni agogo kuti ndavomera, ichoke. Koma mundifunsireko chinthu chimodzi. Ndinaiyimba tsiku lililonse kwa miyezi iwiri. Manje imabwera yokha. Dzulo ndinadzipeza ndikuiyimba ndikusambitsa mwana. Ndichite bwanji?"

Ndinamuuza kuti ndimuimbiranso.

Chimbalecho chinatuluka ndi nyimbo zisanu ndi imodzi. Ndi chabwino, ndipo ndamvapo ziwiri pa wailesi. Pachikuto pali chithunzi cha atate atanyamula gitala, atavala tayi ya kusukulu. Palibe amene wafunsa chifukwa chake chimbalecho n'chachifupi. Yachisanu ikadali mu foni yanga. Sindinaitsegulenso, ndipo sindinaifufute.

Koma tsiku la foni lija ndinabwerera kumudzi ndi funso la mayi woyimba uja. Amayi anali kuseri kwa nyumba akuyanika zovala. Ndinawauza mmene ananenera, osasintha liwu. Anafinya bulauzi, anaikung'untha, n'kuiyanika pa chingwe. Sanandiyang'ane.

"Umuuze ikamabwera asalimbane nayo, imakula. Angoyamba nyimbo ya kutchalitchi, iliyonse imene ili pafupi, mokweza, mpaka inayo itachoka."

"Zimathandiza?"

"Masiku ena. Ine ndimatero m'mawa uliwonse."